Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira makalasi atsopano pasukulu ya pulaimale



Ndiyambe ndi eni nthaka, Gogo Chalo, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zimene zawaperekeza. Akhansala athu, oimira ofesi ya maphunziro kuboma, a PEA a zoni ino, aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo, aphunzitsi nonse, osaiwala inu ongodzipereka amene mwezi ukatha simuyembekezera kanthu kubanki. Apampando a komiti ya sukulu ndi a PTA, amayi a mother group, abusa, ansembe ndi mashehe, alangizi a zaumoyo, achitetezo cha m'mudzi, amisiri amene mwamanga chipupa chowongoka chonchi, amayi ophika phala, makolo, ndi inu ana anga amene mwakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Ngati pali amene ndamudumpha, asakandisumire kwa Gogo Chalo. Magalasiwa ndi akale.

Ana inu, muli bwanji? Aaa, mawu ake amenewo? Kodi phala simunamwe? Muli bwanji? Eyaa, tsopano ndamva.

Pasukulu pano ine si mlendo kwenikweni. Ndinafika pano mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulaimale. Ana m'dziko muno anali osakwana 2 miliyoni m'sukulu, koma chaka chimodzi chokhacho anafika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi anaperewera, ndiye anatilemba ife mothamanga, kutiphunzitsa masabata ochepa chabe, n'kutipatsa choko kuti tikaone zochita. Maphunziro enieni a uphunzitsi tinadzawachita pambuyo pake kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango uwo. Bolodi tinkaikoleka pamsomali, mvula ikagwa sukulu yaweruka. Ena mwa makolo muli panonu ndinakuphunzitsani a, e, i, o, u mukulemba ndi chala pa dothi. Ndikukuonani, musabise nkhope. Bambo avala malaya ofiirawo ankathawa masamu kulowa m'chimanga.

Ndiye lero ndikaona makalasi awiri awa, malata akung'anima, pansi pali simenti, mtima wanga uli mbee. Mukukumbukira mmene namondwe wa Freddy anatisiyira mu Malichi 2023. Kuno kummwera sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ana n'kukhala kunyumba masabata angapo. Mdadada wakale unang'aluka nthawi imeneyo. Simunakhale manja lende kudikira boma. Munatuta mchenga kudambo, munaswa miyala, amayi madzi pamutu dzuwa lisanatuluke. Boma ndi abwenzi akufuna kwabwino anabweretsa simenti ndi malata atapeza ntchito yayamba kale. Dziombereni m'manja.

Koma musaombe kwambiri, chifukwa pali nkhani imene yandibweretsa.

M'mawa uno ndisanakhale pampando, ndinapempha aphunzitsi aakulu kuti andiyendetse. Ku Sitandade 1 kulibe popondera, ana ali thithithi mpaka pakhomo, mphunzitsi mmodzi mawu atasasa. Ndondomeko ya boma imafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma mayi amene ndawapeza m'menemo, ndi Mulungu yekha akudziwa mmene akugwirira ntchito. Ndafika ku Sitandade 8, madesiki ena ali okhaokha. Ndiye ndifunse inu makolo: ana amene anadzaza Sitandade 1 zaka 7 zapitazo ali kuti? Sanasamuke. Ali m'mudzi momwemuno. Tsiku la msika mwawasenzetsa dengu la tomato. Dzinja likafika ali paganyu wopalira. Anyamata ali pakabaza, ena ali m'nyumba za kanema masana dzuwa likuswa mtengo. Mwana akajomba Lachiwiri, akajomba Lachisanu, pofika kumapeto kwa teremu waphonya zambiri, walephera, wabwereza kalasi. Akabwereza kawiri amadziona wamkulu pakati pa tiana, manyazi amugwira, basi wasiya. Palibe tsiku limene kholo limanena kuti lero mwana wanga aleke sukulu. Zimachokera pa "lero lokha undithandize".

Ndikudziwa kuti pakhomo pamavuta. Nanenso ndinalerera ana m'mudzi, njala ya Febuluwale ndikuidziwa. N'chifukwa chake nkhani ya phala ndimaitenga ngati yaikulu. A Mary's Meals anayamba m'dziko muno mu 2002 ndi ana 200 okha, lero akudyetsa ana oposa 1 miliyoni, ndipo amene amaphika ndi amayi ongodzipereka ngati awa. Iwowa amadzuka nkhuku zisanalire. Koma ndamva kuti nkhuni zimavuta. Abambo, nkhwangwa zanu zinapita kuti? Kapena tinene kuti phala amamwa ana a amayi okha?

Za atsikana ndilankhule mosapsatira, Gogo Chalo mundikhululukire. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anawasintha mu 2017, salola munthu wosakwana zaka 18 kulowa m'banja. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri, n'kuchotsa paudindo nyakwawa zimene zinkavomereza. Sanadikire apolisi ochokera ku Lilongwe. Ndipo mtsikana akachimwitsidwa, si mapeto ake. Lamulo la unduna limamulola kubwerera m'kalasi akabereka. Amayi a mother group, amene mumayenda khomo ndi khomo kukawatenga anawo, ena amakutukwanani kuti mukulowerera za m'nyumba za eni. Pitirizani. Komiti ya sukulu, chimene chatsala pano ndi chipinda chosinthiramo atsikana, chokhala ndi chitseko, ndowa ndi sopo. Si chinthu chodula. Koma mtsikana wa Sitandade 6 amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa cha chimenecho, ndipo sangauze aphunzitsi aamuna.

Aphunzitsi, inunso kanu kalipo. Ine ndinagwirapo choko, ndiye sindikuopani. Mwana akamakupezani mukufika belu litalira kale, mudzamuuza chiyani za kuchedwa? Komabe ndikuthokozeni. Amene anasankhidwa kupita kusekondale pa mayeso a MANEB chaka chathachi, mayina awo ndawaona pakhoma la ofesi, ndi thukuta lanu limenelo.

Pempho langa kwa mafumu ndi limodzi. Nyakwawa iliyonse ikhale ndi kabuku ka ana a m'mudzi mwake a msinkhu wa sukulu, ndipo kamodzi pamwezi ikakhale pansi ndi aphunzitsi aakulu kufananitsa ndi kaundula wa m'kalasi. Dzina limene lasowa, mukalifunse pakhomo pake sabata yomweyo. Ine teremu ikubwerayi ndidzabwera osalengeza, ndipo ndidzasankha dala tsiku la msika.

Ndaona amayi kukhitchini akundikodola kuti nsima ikuzizira. A PEA, Gogo Chalo, tiyeni tinyamuke. Mwana wa Sitandade 1 amene ali ndi sizasi uja abwere kuno, riboniyi tidulira limodzi.