TICHEPETSE KATUNDU KUTI TIKAFIKE KUMENE TIKUPITA

(Mawu amene anayankhulidwa pabwalo la Idi itatha Swala)



 Tithokoze Allah (S.W.T.) amene watisunga mpaka taona tsiku la lero, pakuti alipo anzathu amene tinayamba nawo kusala koma lero ali kumanda. Allah awakhululukire. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Ndikudziwa kuti mpunga ukudikira kunyumba ndipo ana ayamba kale kukoka amayi awo nsalu, choncho sinditalikitsa. Koma ndili ndi funso limene ndikufuna tipite nalo kwathu.

M'mwezi wathawu tinkadya kawiri kokha, daku ndi pofutulu. Moto wamasana sunkakolezedwa kawirikawiri. Bawo ija ya pansi pa mtengo wa mango inasowa anthu. Bambo amene chaka chonse amati alibe nthawi ya Isha ku mzikiti tinawaona ataima pa Tarawehe usiku ndi usiku, ndipo ena mwa inu munamaliza majuzu onse 30 a Qur'an yolemekezeka. Tsiku linali la maola 24 omwe aja, ndipo nyanja sinapatse munthu tchuthi. Nanga nthawi imeneyi inachokera kuti? Inachokera ku zinthu zimene tinazisiya. Tinazisiya mwezi wathunthu, ndipo palibe amene anafa nazo. Funso langa ndi ili: kodi mawa tikazitolanso zonse?

Munthu aliyense pabwalo pano ali ndi chinthu chimene mtima wake umalakalaka. Wina akufuna akaone Kaaba ndi maso ake asanamwalire. Mayi wina wafika zaka 50 akulakalakabe kuwerenga Qur'an yekha popanda womutsogolera. Wina akufuna malata padenga, wina akufuna mwana wake wamkazi amalize Fomu 4, wina watopa kukhala mlovi pa chilimira cha eni ake, akufuna bwato lakelake. Mukamufunsa kuti nanga bwanji, yankho limakhala lomwelo: ndalama palibe, nthawi palibe.

Sindikufuna kunyoza umphawi, chifukwa umphawi ulipodi. Akuluakulu ali panowa akukumbuka mmene chambo chinkachulukira ku Malombe ndi mumtsinje wa Shire, chisanathe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense anazimva pogula sopo ndi mchere. Zimenezi n'zoona. Koma palinso choona china chimene sitikonda kuchinena, chakuti ambiri a ife sitikusenza umphawi wokha. Tasenzanso katundu wina amene tadzitwika tokha, ndipo wina watitwika ndi maso a anthu.

Tiyambe ndi kudoko. Usipa ukagwa bwino, mnyamata amatsika m'boti m'mawa ali ndi ndalama yooneka. Pofika Magharibi thumba lapepuka, ndipo mukamufunsa chimene wagula sangakuonetseni. Apa tiyi wa anzake asanu, apa bandulo ya foni, apa vidiyo, apa wabetcha mpira wa ku England umene osewera ake sakudziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Makawa. Za kubetchazo sindichita kunena, mukudziwa kale kuti Chisilamu chinaletsa njuga. Koma tiwerengere zololedwa zokhazokha. K1,000 patsiku imaoneka ngati si kanthu, koma pachaka ndi K365,000. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndiye chaka chilichonse boma limatseka nyanja kwa makoka mu November ndi December kuti chambo chiswane. Si chinthu chodzidzimutsa, timachidziwa kuyambira January. Komabe chimatipeza tilibe ngakhale thumba limodzi la chimanga, ndipo timathamangira kwa a katapila. Abale anga, katapila ndi riba, ndipo Surat Al-Baqara kuyambira ndime 275 mpaka 279 ikunena za riba moopsa kwambiri. Anzathu a pachilumba cha Mbenji ku Salima akhala akutseka usodzi wawo miyezi ya dzinja kwa zaka zambirimbiri, motsogozedwa ndi mafumu awo, ndipo pachilumbapo saloleza mowa kapena njuga. Iwo anaphunzira kuti kusiya kwa kanthawi n'kumene kumasunga nsomba. Thumba la munthu nalonso limafuna kutsekedwa nthawi zina.

Tsopano ndifike pamene ena andikwiyire, koma ndi tsiku la Idi, mundikhululukira. Ndikunena za zochitika zathu: maukwati, zinkhoswe, kutulutsa ana ku jando ndi ku nsondo, maliro ndi sadaka. Masiku ano ukwati uliwonse uli ndi nsalu yake. Mayi mmodzi amaitanidwa maukwati anayi m'miyezi iwiri, ndipo uliwonse ayenera kugula nsalu, kusoketsa, ndi kusintha ndalama za perekaniperekani. Akapanda kutero, ati ndi wodzikonda. Nsaluzo zadzaza m'sutikesi, iliyonse inavalidwa tsiku limodzi, pamene mwana wake akupita kusukulu alibe kope. Nawonso eni ukwati agulitsa mbuzi zonse, abwereka zokuzira mawu, abwereka galimoto, cholinga choti aposeko ukwati wa mwana wa a Che Uje. Sabata ikatha akwati aja ayamba banja ndi ngongole.

Kodi Chisilamu chinatilamula zimenezi? Abdurrahman bin Auf (R.A.), amene anadzakhala mmodzi wa maswahaba olemera kwambiri, atakwatira ku Madina, Mtumiki (S.A.W.) anamuuza kuti achite walima ngakhale ndi nkhosa imodzi yokha. Fatima (R.A.), mwana wa Mtumiki weniweniyo, analowa m'nyumba ya Ali (R.A.) ndi katundu wochepa zedi, ndipo ankapera yekha tirigu pamphero mpaka manja kuchita matuza. Nanga ife tikupikisana ndi yani?

Pa nkhani ya sadaka ndikudziwa kuti Asilamu a kuno takhala tikusiyana maganizo kuyambira kalekale, ena a Kadiriya, ena a Sukuti, ndipo ine sindinaimirire pano kuti ndiweruze mlandu umene mashehe akuluakulu akhala akuukambirana. Ndingokumbutsa chinthu chimodzi chimene tonse timavomereza. Jafar bin Abi Talib (R.A.) ataphedwa pankhondo ya Mu'ta m'chaka cha 8 cha Hijra, Mtumiki (S.A.W.) analamula anthu kuti aphikire chakudya banja la Jafar, chifukwa linali pachisoni. Chakudya chinkalowa m'nyumba ya ofedwa. Tsono ngati mayi wamasiye akugulitsa chimanga cha ana amasiye, kapena akukatenga katapila kuti adyetse mudzi wonse, ndipo ife tikudya ndi kunyambita zala, pamenepo tonse, a mbali iyi ndi a mbali iyo, tiyenera kuchita manyazi. Amene ali nazo achite monga mwa kupeza kwake. Amene alibe tisamutwike.

Ndinenepo za ana athu a ku Joni, pakuti palibe mudzi kuyambira ku Makanjira, Malindi, Namwera mpaka ku Nankumba umene ulibe mwana ku South Africa. Ana amenewa amagona mothithikana, amagwira ntchito zimene kuno sakanazigwira, ndipo ena amakhala mozembazemba. Ndalama ikangofika pafoni, abale tonse timatuluka: malume akufuna foni yatsopano, azakhali akufuna nsalu ya ukwati uja, mlamu akufuna ya ulendo. Zaka zisanu zikutha, ndipo pamalo pamene panayenera kukhala nyumba pali njerwa zomera udzu. Mukukumbuka 2008 ndi 2015, pamene alendo anaukiridwa kumeneko ndipo mabasi anabweza ana athu ena atangonyamula kachikwama m'manja. Zikhoza kuchitikanso. Makolo, gwirizanani ndi mwanayo chinthu chimodzi, kaya ndi nyumba, kaya ndi injini ya boti, kaya ndi sukulu ya mng'ono wake, ndipo ena onse adziwitsidwe kuti ndalama imeneyo ili ndi ntchito kale. Mapanga awiri avumbwitsa.

Nthawi nayonso imatayika ngati ndalama. Za mafoni sindinena zambiri, aliyense adzifunse yekha kuti magulu a WhatsApp amene alimo ndi angati, ndipo ndi angati amene anamuonjezerapo kanthu. Koma abambo, mundimvere apa. Timadandaula kuti amayi sabwera ku madrasa ya akuluakulu. Abwera nthawi yanji? Madzi ndi iwo, nkhuni ndi iwo, kuyanika usipa pathandala ndi iwo, kumunda ndi iwo, pamene ife ndi anyamata athu tili pa bawo. Aisha (R.A.) anafotokoza kuti Mtumiki (S.A.W.) ankathandiza ntchito zapakhomo, ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Mnyamata wa zaka 15 akhoza kutenga njinga n'kukatunga madzi, ndipo amayi ake n'kupeza ola limodzi itatha Asr loti akaphunzire alifu, bee, tee.

Makolo athu anadziwa kusiya zinthu chifukwa cha cholinga. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anamwalira mu 1930, anapita mpaka ku Kilwa kugombe la nyanja yamchere kukafuna maphunziro a Dini, nthawi imene kunalibe basi kapena msewu wa phula. Iye pamodzi ndi Shehe Sabiti bin Ngaunje, amene anamwalira mu 1959, ndiwo ena mwa amene anafalitsa kuwerenga Qur'an m'mbali mwa nyanja ino. Munthu woyenda ulendo wotere sanyamula mtondo. Pambuyo pake agogo athu ambiri anakana sukulu za mishoni poopa kuti ana awo atembenuzidwa, ndipo tinatsalira m'mbuyo pa maphunziro a sukulu. Chifukwa chawo chinali chomveka. Koma kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kupita kusukulu m'mawa, ku madrasa masana. Ife tidzapereka chifukwa chanji?

Wina asachoke pano n'kukauza mkazi wake kuti kuyambira lero ndiwo ndi mchere wokha chifukwa zanenedwa ku Idi. Ayi. Kuchepetsa sikutanthauza umbombo. Surat Al-Furqan ndime 67 ikuyamikira anthu amene popereka samwaza komanso saumira, koma amakhala pakatikati. Chakudya cha ana, mankhwala a odwala, zofunika za mkazi wako, kulandira mlendo, ndi Zakaat ya 2.5 peresenti kwa amene chuma chake chafika pa nisabu, zimenezi sizikhudzidwa. Zochotsa ndi zija timachita kuti anthu atione.

Ndipo chimene mwapulumutsacho musachisunge pansi pa mphasa, chifukwa taona kale mmene Kwacha imasungunukira. Gulani lata limodzi, thumba la simenti pamene mwakonzeka kumanga, kapena mbuzi yaikazi. Chipereganyu n'chabwino chifukwa mulibe chiwongoladzanja, aliyense amalandira chimene anaponya. Koma za banki mkhonde yobwereketsa ndi chiwongoladzanja, yambani mwafunsa mashehe musanalowe.

Kuchokera lero mpaka Idi ya nsembe pali miyezi iwiri ndi masiku ngati khumi. Usiku uno alendo akabalalika, bambo ndi mayi mukhale pansi, mutchule chinthu chimodzi chimene banja lanu likufuna, ndi zinthu ziwiri zimene musiye kuti chimenecho chitheke. Amayi ofuna kuyamba kuwerenga Qur'an akalembetse kwa amwalimu Lachisanu likudzali itatha Jumu'a, ndipo amene mukufuna kusala masiku 6 a Shawwal mukhoza kuyamba mawa.

Allah alandire kusala kwathu ndi Swala zathu.