Kodi Tigule Mfuti? Mawu a pa Msonkhano wa Alimi kwa Malemia



Nkhani ya leroyi sitinaisankhe ife, inachokera kwa inu. M'misonkhano ya makalabu yapitayi pempho lakhala limodzimodzi: bungwe lathu litithandize kupeza mfuti. Amene minda yawo ili m'tsinde mwa phiri la Malosa akufuna mfuti ya anyani ndi nguluwe. Amene ali kumunsi, cha ku Songani ndi m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, akufuna mfuti ya akuba. Mayi wina anatiwerengera ntchito yake yonse: anatenga feteleza pa ngongole, anadzala, anapalira, anabandira, ndipo chimanga chitangofika pa dowe anyani anatha theka la munda m'mawa umodzi iye ali ku maliro. Ngongole ija ikadalipo. Palibe amene anamuseka mayiyo, ndipo ifenso sitinabwere kudzapeputsa ululu umenewu. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023 ndi ng'amba ya 2024, chisononkho chilichonse chili ndi mwini wake amene akuchidikira.

Koma yankho lathu tinene poyera kuti musatimve mokayika. Bungwe silithandiza kuti nyumba iliyonse ikhale ndi mfuti. Tikufuna mumve zifukwa zake, kenako tigwirizane zimene tikapemphe kwa a boma, chifukwa kungonena kuti ayi sikuthamangitsa nyani.

Mfuti si mlendo m'chigwa chino. Agogo athu amasimba za nthawi imene mafumu a Chiyao ankagula mfuti ndi onga kwa amalonda ochokera kugombe posinthana ndi minyanga ya njovu, ndiponso ndi anthu. Amene anali ndi mfuti zambiri ndiye ankagona tulo, ena onse ankathawira m'mapiri. Mishoni ya Domasi itatsegulidwa mu 1884 nkhondo zimenezi zinali zisanathe, ndipo mu 1895 asilikali a atsamunda anakamenyana ndi mfumu Kawinga ku phiri la Chikala. Azungu aja anali atagwirizana kale ku Brussels mu 1890 zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda, choncho malamulo oyamba a mfuti m'dziko muno sanalembedwe poganizira mlimi. N'chifukwa chake anthu a John Chilembwe mu Januwale 1915 anachita kukathyola nkhokwe ya zida ku Mandala. Zimenezi tikuzidziwa, ndipo wina akatiuza kuti lamulo la mfuti limakomera olemera sitimutsutsa kwambiri.

Koma palinso mbiri ina yapafupi, imene makolo athu ali pano anaiona ndi maso. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zinalowa m'dziko muno kudzera m'njira zachidule, zina kuwolokera cha ku nyanja ya Chilwa. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida a Payoniya pa ntchito ija inatchedwa Bwezani, ndipo si mfuti zonse zimene zinabwerera ku boma. Zaka zotsatirazo mfuti zinachuluka m'midzi. Funsani akuluakuluwa ngati mlimi anapeza mtendere. Amene anapindula ndi achifwamba. Eni magolosale ankagona kutchire, ndipo ng'ombe zinkatuluka m'khola mwini wake akuonerera pazenera. Vutoli linakula m'chigawo chonse mpaka mayiko a SADC anasayina pangano loletsa kufalikira kwa mfuti, ndipo anasayinira kwathu konkuno, ku Blantyre, mu Ogasiti 2001. Walira mvula walira matope.

Tsopano lamulo likuti chiyani? Lamulo la mfuti limene tikugwiritsa ntchito ndi la chaka cha 1967. Munthu wamba akhoza kukhala ndi mfuti, koma ayenera kuyamba wapempha chilolezo kupolisi asanaigule, mfutiyo ilembedwe m'kaundula, ndipo layisensi yake aziikonzanso chaka ndi chaka. Layisensi imakhala ya munthu mmodzi ndi mfuti yake. Apa ndi pamene ambiri timagwera m'mbuna. Mfuti ya malemu bambo anu si yanu chifukwa choti munagawana chuma pa sadaka. Mfuti ya alamu anu si yanu chifukwa choti akubwerekani usiku umodzi. Gogodela wosula kumudzi nayenso ndi mfuti pamaso pa khoti, ngakhale akhale wadzimbiri chotani. Ngakhale zipolopolo zokha, kupezeka nazo popanda chilolezo ndi mlandu. Mfuti zankhondo monga AK-47 ndiye munthu wamba saloledwa n'komwe.

Pali lamulo lachiwiri, la nyama zakutchire, la 1992, limene linakonzedwanso mu 2017. Limeneli limalola munthu kupha nyama podziteteza kapena poteteza mbewu ndi ziweto zake ngati palibenso njira ina, koma ayenera kukanena msanga kwa akuluakulu oona za nyama, ndipo nyamayo imakhala ya boma, si ndiwo zanu. Zilango zinakwera kwambiri mu 2017. Pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Ndipo kumbukirani kuti phiri la Malosa ndi la Zomba ndi nkhalango ya boma. Mukamuthamangitsa nyani m'munda mwanu n'kumutsatira ndi mfuti kudutsa malire a nkhalango, simulinso mlimi woteteza munda, mwasanduka mlenje wopanda chiphaso.

Tisiye malamulo, tikambe za chida chenichenicho, chifukwa ambiri amene akupempha mfuti sanaigwirepo. Mfuti ya chifefe imamwaza timachaka tambirimbiri nthawi imodzi. Imapha bwino pa mtunda wosapitirira mamita 40, ndiye kuti masitepe makumi anayi kapena asanu a munthu wamkulu. Kupitirira pamenepo imangovulaza. Tsono ndani pano anamuyandikirapo nyani masitepe makumi anayi atanyamula chinthu paphewa? Anyani amaika mlonda pamtengo. Amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, khasu ndi ndodo. Muombere kawiri katatu, aphunzira nthawi imene mumabwera, ndipo adzalowa m'munda mukapita ku Jumu'a kapena ku tchalitchi. Zipolopolo zatha, anyani alipobe.

Wina anena kuti ndiye tigule mfuti yaitali ya chipolopolo chimodzi, yofika patali. Apa ndiye poopsa. Kachipolopolo ka .22, kamene anthu amakaderera kuti n'kophera mbalame, kamatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Cha .303, chija cha asilikali akale, chimafika pafupifupi makilomita atatu. Taimani m'munda uliwonse kuno kwa Malemia, muyang'ane mbali zonse zinayi, mutiuze kumene mungaloze mfuti popanda nyumba, sukulu, chitsime kapena njira ya kumsika mkati mwa makilomita atatu. Alenje ophunzira ntchito amati usaombere usanadziwe chimene chili kuseri kwa nyama. Kuno kuseri kwa nyani kuli mudzi. Gogodela ndiye timuope pawiri, chifukwa mpope wake sunayesedwe ndi wina aliyense. Onga ukachuluka pang'ono amaphulikira m'manja, ndipo amene amataya zala kapena maso ndi mwini wake.

Tikufotokozereni zimene tinaona tili pa ntchito ya ulangizi, m'dera lina limene sititchula. Bambo wina, mlimi wakhama, amene munda wake tinkachitirapo chionetsero, anatopa ndi nguluwe zimene zinkafukula chinangwa chake. Anabwereka gogodela kwa mlamu wake n'kukabisala m'munda usiku. Atamva kuswaya m'mapesi anaombera. Sanali nguluwe. Anali mphwake, mwana wa mlongo wake, akuchokera koonera kanema ndipo anadutsa njira yachidule. Mnyamatayo ali moyo koma mwendo sunabwerere mwakale, ndipo sukulu inathera pomwepo. Bamboyo anamangidwa, mlamu wake anamangidwanso chifukwa cha mfutiyo. Mbuzi zonse zinagulitsidwa pothamangira kuchipatala ndi kukhoti. Chinangwa chija nguluwe zinadzamaliza bwinobwino popanda wozisokoneza. Ife tinapitako mwezi wotsatira ndi kope lathu kukalemba zokolola, ndipo tinachita manyazi kulitulutsa m'chikwama. Munthuyo anali atadandaula kwa ife za nguluwezo kawiri. Tinalemba malipoti, tinatumiza kumene ankayenera kupita, sikunabwere munthu. Pa zinthu zimene zinatichotsa pa ntchito ija n'kutibweretsa ku bungwe lino, china ndi chimenechi.

Za akuba tingonena mwachidule. Wakuba chimanga chachiwisi nthawi zambiri si wochokera kutali, ndi mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo mukamuombera mlandu wakupha ndi wanu, mudzi ugawikana mpaka kwa adzukulu. Achifwamba enieni akamva kuti nyumba yakutiyakuti muli mfuti, amabwera kudzafuna mfutiyo. Ndipo amayi ali pano akudziwa zimene sitinena kawirikawiri pa msonkhano: m'nyumba mmene mumalowa kachasu ndi mkangano, mfuti siyang'ana kumunda kokha.

Nanga titani? Choyamba tivomere mbali yathu. Anyani sanayambe dzulo kukhala m'phirimu. Kale ankakhuta masuku, nkhuyu ndi nthudza kumtunda komweko. Mitengo ija tinaiotcha makala, ndipo minda yathu yakwera mpaka pa malire a nkhalango. Tawalanda nkhokwe yawo, atsikira ku yathu. Tikamapempha boma kuti litithandize, lidzatifunsa za makala, ndipo tiyenera kukhala ndi choyankha. Makalabu a m'tsinde mwa phiri agwirizane zolondera mosinthana kuyambira Febuluwale mpaka kukolola, akuluakulu okhaokha, ndi agalu, malegeni ndi zitini, chilindo chimodzi pa minda isanu kapena isanu ndi umodzi. Ana abwerere kusukulu. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa Sitandade 8 amajomba teremu yachiwiri, mayeso ali pafupi, chifukwa cholinda anyani. M'mizere yoyandikira nkhalango tiyese kudzala tsabola, amene anyani samukonda ndipo ali ndi msika. Ndipo chonde, za kuthira tameki m'madeya tisiyiretu. Amafa ndi agalu, nkhuku, nthawi zina ana.

Koma mtolo waukulu ndi wa boma, ndipo apa mawu athu akhale amodzi. Lamulo likuti nyama zakutchire ndi za boma. Chabwino. Mbuzi ya munthu ikadya chimanga cha mnzake, mwini mbuzi amalipa kwa a mfumu. Nanga bwanji nyani wa boma akadya munda wonse palibe chipukuta misozi? Pakadali pano dziko lathu lilibe ndondomeko yolipira mlimi amene mbewu zake zaonongedwa ndi nyama. Tikufuna aphungu athu akayankhule zimenezi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo tidzawafunsa akabwera.

Tikupemphanso nthambi yoona za nyama zakutchire kuti itipatse mlenje wa boma, munthu wophunzira ntchito, wa mfuti yolembetsedwa, amene azikhala kufupi ndi ife miyezi ya dowe, osati wochita kumuitanitsa ndi kalata nyama zitatha kale munda. Mfuti imodzi m'manja mwa munthu wodziwa kumene chipolopolo chikathere ndi yosiyana ndi mifuti makumi asanu m'manja mwa anthu otopa ndi okwiya. Anzathu ozungulira nkhalango ya Liwonde anavutika ndi njovu zaka zambiri. Chimene chinachepetsa vutolo kuyambira 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyo, ndi mpanda wamagetsi ndi asilikali a zanyama othamangira msanga, osati kugawa mfuti m'midzi. Mpanda sungamuletse nyani, timadziwa, amakwera chilichonse. Koma kuthamangira msanga kuja ifenso tikukufuna.

Kwa apolisi tili ndi mapempho awiri. Magulu achitetezo a m'midzi alimbikitsidwe, apatsidwe matochi, mawenzulo ndi nambala ya foni imene imayankhidwa usiku. Komanso lamulo la mfuti lifotokozedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, chifukwa anthu akumangidwa ndi lamulo limene sanalimvepo m'chiyankhulo chawo. Bungwe la African Union linakhazikitsa mu 2017 kuti mwezi wa Seputembala uzikhala wobweza mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu. Tikufuna apolisi adzalengeze bwino pamaso pa mafumu mmene zimenezi ziziyendera kuno, kuti amene ali ndi gogodela kudenga kapena mfuti ya malemu pansi pa bedi adziwe kokaipereka mosaopa. Pakadali pano musainyamule nokha pa njinga kupita nayo kupolisi. Yambani mwauza a mfumu, iwo akadziwitse apolisi.

Kuti zonsezi zimveke pafunika umboni. Kuofesi sawerenga misozi, amawerenga manambala. Tabweretsa makope, limodzi pa kalabu iliyonse. Nyama zikalowa m'munda, mlembi alembe tsiku, mwini munda, mtundu wa nyama, mbewu yake ndi kuchuluka kwa mizere imene yaonongeka, ndipo a nyakwawa asayinire. Akuba akaba, chimodzimodzi. Tikakolola tidzasonkhanitsa makope onse n'kukatula kwa a DC ku Zomba, pamodzi ndi mafumu athu. Alembi a makalabu atsale tikatseka ndi pemphero kuti alandire makopewo. Amene kalabu yawo ilibe mlembi asankhe lero lomwe asanabalalike.