Mdani mmodzi n'kudekha, gulu n'kuligawa: kamenyedwe ka mu Dark Souls

Amene simunabwere Loweruka, nawa mawu amene mnzathu analankhula tisanayatse gemu.

Mukudziwa kale chimene chandiimika pano. Sabata yatha ndinafa kawiri motsatizana ku Undead Burg, ndipo ma souls onse amene tinasonkhanitsa tonsefe anapita. Munandiseka, chabwino. Koma gemu tikusewera pa save imodzi, aliyense mphindi zake zochepa, ndiye wina akamenya mwachisawawa timaluza tonse. Ndakhala ndikuganizira pomwe ndinalakwitsa.

Kwa alendo athu: Dark Souls inatuluka mu 2011, inapangidwa ndi kampani ya ku Japan ya FromSoftware motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki. Ukafa, ma souls ako amatsala pamalo pomwe wafera. Ukafanso usanawatole, basi apita. Ukapuma pa bonfire, adani wamba onse amadzukanso. Choncho ndewu iliyonse ili ndi mtengo wake.

Tiyambe ndi mdani mmodzi. Apa nkhani ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamangire kumenya. Kwezani chishango, muzimuzungulira, muone kuti amamenya kangati asanapume. Akamaliza, inu menyani kamodzi kapena kawiri, kenako bwererani. Diso lanu likhale pa kamzere kobiriwira kaja, stamina. Kumenya, kugubuduka, kuthamanga, kutchinga, zonse zimadya pomwepo. Chishango chikakhala m'mwamba stamina imabwerera pang'onopang'ono, ndiye mdani akatalikira, chitsitseni. Ambiri timafa chifukwa cha dyera lofuna kuwonjezera kamodzi kena. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mdani wooneka ngati munthu, monga Black Knight wa ku Undead Burg uja, mupiteni kumbuyo mumubaye kumsana. Parry ndi yokoma ikatheka, koma phunzirirani pa ma Hollow ofooka, osati pa Havel, amene akhoza kukumalizani ndi kumenya kumodzi. Onaninso katundu amene mwavala. Akapitirira theka la zomwe munthu wanu angasenze, kugubuduka kwake kumakhala ngati thumba la chimanga.

Tsopano gulu. Apa mpomwe ndinafera ine. Ma Hollow atatu, amene mmodzimmodzi ndimawapha osaganiza n'komwe, anandizungulira. Chishango chimatchinga kutsogolo kokha, amangwetu. Lamulo ndi limodzi: musamenyane ndi gulu, ligaweni. Yendani pang'onopang'ono mpaka mmodzi akuoneni, kenako bwererani naye kumene mwayeretsa kale. Uta, mivi ndi ma firebomb amagulitsa wamalonda wa ku Undead Burg komweko. Muvi umodzi umakwana kumuitana mdani kuti abwere yekha.

Akabwera onse, pezani khomo kapena kanjira kopanikiza. Ku Undead Parish kuli chipinda cham'mwamba chodzaza ma Hollow, ndipo pakati pawo pali Channeler amene akavina amawawonjezera mphamvu. Mukalowa pakati, mwatha. Bwererani mu kanjira kaja kuti azibwera pamzere. Pamenepo mkondo umaposa lupanga lalitali, chifukwa lupanga limagunda khoma pomwe mkondo umabaya molunjika, chishango chili m'mwamba. Lock-on nayo pagulu imapusitsa: kamera imakakamira pa mmodzi, wina akukudyani m'nthiti. Nthawi zina ichotseni.

Ndiye uyambe kupha ndani? Yambani ndi wothamanga komanso woponya, wolemera adikire. Capra Demon ndiye chitsanzo chake. Chipinda n'chaching'ono, ndipo ali ndi agalu awiri. Chimene chimapha anthu ambiri si iyeyo ayi, ndi agaluwo, amene amakutsekereza pakona. Mukangolowa, gubudukani mumudutse, kwerani masitepe aja, iphani agalu. Akatsala yekha wasanduka mdani mmodzi, ndipo mukhoza kumudumphira kuchokera pamwamba.

Kutsogoloku tikumana ndi ma Bell Gargoyles. Wachiwiri amatulukira woyamba akatsala ndi moyo pafupifupi theka, ndiye woyambayo mumumalize msanga. Ku Anor Londo kuli Ornstein wothamanga ndi Smough wonenepa. Gwiritsani ntchito zipilala kuti muwalekanitse, onse awiri azioneka pa sikirini, ndipo musankhe mmodzi. Musagawe mphamvu zanu, chifukwa mmodzi akafa, wotsalayo amatenga mphamvu za mnzake ndipo moyo wake umadzazanso. Ngati zavuta, itanani Solaire. Mutu umodzi susenza denga, palibe manyazi pamenepo.

Chomaliza ndi Estus. Pa bonfire wamba timapeza zomwa 5 zokha, ndipo kumwa kumatenga nthawi. Musamwe mdani ali pamphuno. Talikirani kaye, kapena dikirani amalize kumenya.

Pempho langa n'lakuti tigwirizane chinthu chimodzi: ma souls akakwana kukweza level, wogwira kontrola abwerere pa bonfire akawagwiritse ntchito asanapereke kwa mnzake. Ndipo amene akupita kukatola ma souls otayika, enafe tizikhala chete, osamukuwiza. Lero ndipempha ndiyambe ine, ndikabweze ngongole ija.