Sopo wochapira si sopo wosambira

Omvera athu ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, lero tikambirane za sopo.

Madzi paokha sachotsa mafuta. Amayi mukudziwa mmene mbale ya ndiwo zamafuta imavutira kutsuka. Mu sopo muli tizinthu tosaoneka ndi maso tokhala ndi mbali ziwiri: ina imagwira mafuta ndi litsiro, ina imagwira madzi. Mukatsukuluza, litsiro ndi tizilombo toyambitsa matenda zimapita ndi madziwo. N'chifukwa chake posamba m'manja tizitikita ndi sopo kwa masekondi 20.

Koma khungu lili ndi mafuta ake oliteteza. Sopo waufa wochapira zovala ndi wamphamvu kwambiri, amachotsa ngakhale mafuta amenewa. Khungu limauma, limayabwa, limang'aluka, ndipo matenda amalowera pamenepo. Khungu la khanda ndiye silichedwa kupweteka.

Choncho musasambitse mwana ndi sopo waufa kapena wotsukira mbale. Musambitseni ndi sopo wosambira, pang'ono chabe, chifukwa thovu lambiri sindiwo ukhondo. Matewera ake muziwatsukuluza mpaka thovu lonse litatha.

Mwana akatuluka zidzolo zosatha kapena zilonda, pitani naye kuchipatala.