KUSINTHA OILO WA GALIMOTO PA KHOMO PANU

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za nchito imene munthu ali yense wokhala ndi galimoto angathe kuigwira yekha pa khomo pace, ndiyo kusintha oilo wa mu injini pamodzi ndi sefa yace, imene amakanika amaicha fyuluta. Ndidzalankhula makamaka kwa inu amene kwanu ndi ku Lupande, m'cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda la m'boma la Mambwe, pakuti kumeneko galimoto imakalamba msanga koposa ku tauni. Koma ena nonse mudzatolapo kanthu.

Ndiyambe ndi cimene cinaoneka pa mudzi wathu. Mlamu wanga wina anagwira nchito pansi pa mgodi zaka 11, nasunga ndalama pang'ono pang'ono kufikira anagula vaneti yogwirapo kale nchito. Pa chuthi anaiyendetsa kucokera ku Mufulira, napyola Lusaka, natsata mseu waukuru wa kum'mawa kufikira Chipata, natsika mapiri kulowa m'cigwa, ulendo woposa makilomita 1,000. Pobwerera ku nchito anaisiya m'manja mwa mphwace kuti izinyamula thonje ndi odwala. Mnyamatayo anaikonda ndithu galimotoyo. Anali kuitsuka kawiri kawiri, ndipo oilo akacepa anali kuthirapo wina pamwamba. Koma kukhetsa wakale sanakhetse konse, zaka ziwiri zathunthu. Usiku wina m'mwezi wa October mai wina wa pa mudzipo anabvutika pa kubala, ndipo anamnyamula kunka naye ku cipatala ca Kamoto. Ali pakati pa chire injini inayamba kugogoda ngati munsi mu mtondo, nyali yofiira inayaka, ndipo galimoto inaima osadzukanso. Anakhala pamenepo maora atatu mu mdima, m'dziko loyendamo njobvu, kufikira galimoto ina inawapeza. Mai ndi mwana anapulumuka, tiyamika Mulungu. Koma injini inafa, ndipo ndalama zoikonzera zinali zakuti akadagula nazo oilo wa zaka zambiri. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Kodi oilo amagwira nchito yanji? M'kati mwa injini muli zitsulo zothamanga koopsa. Galimoto ikamayenda bwino pa mseu, citsulo cacikuru cozungulira cimene amacicha kiranki cimazungulira ngati nthawi 3,000 pa mphindi imodzi, ndiko kunena nthawi 50 pa sekondi iri yonse. Cimene cimaletsa zitsulozi kudyana ndi oilo wopyapyala koposa pepala, amene amalowa pakati pace. Oilo amagona m'mbale ya pansi pa injini, dzina lace sampu. Pampu imamkoka m'menemo, nimpititsa m'fyuluta, nimkankhira ku ziwalo zonse, ndipo iye amatsikiranso m'sampu. Poyenda cotero amatereretsa zitsulo, amacotsa kutentha, amatsuka mwaye ndi tizitsulo tonyenyeka, ndiponso amatseka mpata pakati pa pisitoni ndi cipinda cace kuti mphamvu isathawe.

Tsono oilo amatopa. Kutentha kumamuononga, mwaye ndi pfumbi zimamdetsa, petulo kapena dizilo wodontha amamsungunula, ndipo mankhwala amene opanga anaikamo amatha mphamvu. Kuthira watsopano pamwamba pa wakale kuli ngati kuthira madzi oyera m'citsime ca matope: citsime cidzala, koma matope ali momwemo. Fyuluta nayo imadzala. M'kati mwace muli pepala lolimba lopindapinda logwira zinyalala. Magalimoto oyamba analibe fyuluta yotere. M'caka ca 1923 anthu awiri a ku America, Ernest Sweetland ndi George Greenhalgh, anapanga imene anaicha Purolator, ndipo ya citini yomanga ndi dzanja, imene tiidziwa lero, inafala kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Koma mverani cinsinsi cace. Pepala lija likatsekeka, kacitseko kena kamatseguka kokha kuti injini isakhale yopanda oilo, ndipo oilo amapita wosasefedwa ndi mcenga wace womwe. Inu pa mpando simudzamva kanthu, simudzaona kanthu, pamene injini iri kudyeka.

M'cigwa zinthu izi zimafulumira. Kuyambira May kufikira mvula yoyamba, miseu ya ku midzi ya mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama iri pfumbi lokha lokha. M'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40. Pa dzinja mtsinje wa Lupande ndi timitsinje tace timadzala, dothi lakuda limasanduka phala, ndipo galimoto imalira nthawi yaitali m'giya yoyamba, yolemedwa ndi katundu, osapita patali. Cifukwa cace musawerenge monga awerengera a ku tauni oyenda pa tala. Buku la galimoto yanu limachula nthawi ziwiri, ya mayendedwe abwino ndi ya mayendedwe obvuta. Ya ku Lupande ndiyo yaciwiriyo. Ngati buku linataika, ndipo galimoto ndi yakale kapena ya dizilo, sinthani pa makilomita 5,000 ali onse, kapena pa miyezi 6, ciri conse cimene cayamba kukwana.

Pogula oilo penyani manambala a pa cigubu, monga 15W-40, 20W-50 kapena 5W-30. Muyeso umenewu unakhazikitsidwa ndi bungwe la ku America lochedwa SAE. Nambala yoyamba, yokhala ndi W, inena za kuyenda kwa oilo injini ikali yozizira. Yaciwiri inena za kulimba kwace pa kutentha kwa madigiri 100. Injini zambiri zakale ndi za dizilo zimamwa 15W-40 kapena 20W-50, koma zatsopano zambiri za ku Japan zinapangidwira oilo wopyapyala. Musaganize kuti wolimba ndiye wabwino nthawi zonse, tsatani buku. Penyaninso zilembo zotsata mau akuti API: zoyamba ndi S nza injini ya petulo, zoyamba ndi C nza dizilo. Galimoto yaing'ono imafuna pafupifupi malita 4, Hilux ya dizilo pafupifupi 7, ndipo Land Cruiser yaikuru pafupifupi 10. Gulani cigubu cosatsegula m'sitolo yodziwika, ndi fyuluta ya nambala yeni yeni ya galimoto yanu. Oilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa mseu simudziwa kumene wacokera. Gulani zonse mukali ku tauni kapena popita pa Chipata, pakuti kucokera pamenepo kufika ku Mfuwe pali makilomita oposa 100, ndipo fyuluta ya galimoto yanu siipezeka pali ponse.

Zida nzocepa: sipanala yokwana bwino pa bauti ya sampu, comasulira fyuluta ca lamba kapena ca unyolo, beseni lalikuru losagwiranso nchito ya m'nyumba, fanelo, nsanza zoyera, ndi washala yatsopano ya pa bautiyo.

Coyamba, sankhani malo osalala ndi olimba, pa mthunzi, pa tsiku lopanda mphepo ya pfumbi. Lizani injini mphindi 5 kuti oilo afunde ndi kuyenda msanga, ndipo izimitseni. Ngati mwangofika pa ulendo, dikirani theka la ora, pakuti oilo wotentha amaocha ngati phala la pa moto. Kokani handibuleki, ikani giya, ndi kupinga mawilo ndi miyala. Vaneti yaitali siifuna kukwezedwa. Koma ngati galimoto yanu ndi yaifupi, ndikupemphani, musalowe pansi pace iri pa jeke yokha. Inu a ku migodi mudziwa kuti munthu salowa pansi pa thanthwe losacirikiza. Jeke imatitimira mu mcenga, ndipo njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Cirikizani ndi zitsulo zace kapena ndi zipika zazikuru za mupani.

Caciwiri, tsegulani boneti, ndi kucotsa citsekero ca pothirira oilo mutapukuta pfumbi la m'mbali mwace. Lowani pansi, pezani bauti ya pansi pa sampu, ndipo onetsetsani kuti ndi ya injini, si ya giyabokosi ai. Ambiri analakwa pamenepa nakhetsa mafuta a magiya. Ikani beseni, masulani bauti popotoza motsutsana ndi mayendedwe a mivi ya wochi, ndipo mumalize ndi zala, mukumaikankhira m'kati kufikira mazinga atha, kenaka muicotse msanga. Lekani oilo akhe mphindi 10 kapena 15.

Pamene akukha, muyeseni monga sing'anga ayesa mwazi. Wakuda yekha asakuopseni, makamaka m'dizilo, umene umadetsa oilo msanga ndi mwaye. Koma ngati aoneka ngati tiyi wa mkaka, m'menemo mwalowa madzi, kapena pooloka mtsinje, kapena cifukwa gasiketi ya pa mutu wa injini yapsa. Ngati muona tizitsulo tonyezimira, ziwalo ziri kudyeka. Ngati anunkha petulo kwambiri, pali podontha. Zizindikiro zitatu izi zifuna makanika, musacedwe nazo.

Cacitatu, pukutani bauti, ikanipo washala yatsopano, ndipo muyambe kuimanga ndi zala kuti ilowe moongoka. Sipanala ibwere pomaliza, ndipo mumange ndi mphamvu ya mkono wokha, osapondapo ndi phazi kapena kuonjezera mpope. Sampu zambiri za masiku ano nza citsulo cofewa, ndipo mazinga akatha mwagula mlandu waukuru.

Cacinai, sunthirani beseni pansi pa fyuluta ndi kuimasula. Idzataya oilo wina. Tsono penyani bwino pamene inakhala. Nthawi zina mphira yozungulira ya fyuluta yakale imatsalira yomamatira pa injini, ndipo mukamanga yatsopano pamwamba pace, mphira ziwirizo sizigwirana: oilo yense angatayike pa mseu m'mphindi zocepa. Cotsani yakaleyo, pukutani malowo, ndipo pakani oilo watsopano ndi cala pa mphira ya fyuluta yatsopano. Imangeni ndi dzanja lokha kufikira mphira yakhudza injini, ndipo muonjezere kupotoza monga magawo atatu a magawo anai a kuzungulira kumodzi, kapena monga kwalembedwa pa citini. Pa magalimoto ena amasintha pepala la m'kati lokha. Pamenepo sinthaninso mphira zimene zabwera m'bokosi.

Cacisanu, thirani oilo ndi fanelo yoyera, koma musamalize muyeso wonse. Tsekani, lizani injini osaponda mafuta, maso ali pa nyali yofiira ya oilo. Iyenera kuzima m'masekondi owerengeka; ikakana, zimitsani injini pomwepo. Ikazima, lekani injini ilire mphindi ziwiri, ndipo suzumirani pansi ngati pali podontha pa bauti kapena pa fyuluta. Zimitsani, tsitsani galimoto, dikirani mphindi 5, ndipo solozani kandodo koyesera oilo, kapukuteni, kabwezeni, ndi kukasololanso. Oilo afike pafupi ndi cizindikiro ca pamwamba, koma asapitirire. Pa magalimoto ambiri, pakati pa zizindikiro ziwirizo pali ngati lita imodzi. Oilo wocuruka amapuntidwa ndi kiranki nacita thobvu, ndipo thobvu silitereretsa citsulo. Musanatseke boneti, onaninso sefa ya mpweya, pakuti pfumbi lolowa pamenepo limathera mu oilo wanu watsopano.

Cotsala ndi oilo wakale uja. Musamtaye pansi, kapena m'ngalande, kapena mu mtsinje. M'cilimwe amai a ku Lupande amafukula mcenga wa mu mtsinje kuti atunge madzi akumwa, ndipo madzi a Lupande amathira mu Luangwa, momwe muli nsomba zathu, momwenso zimamwa nyama za m'nkhalango ya South Luangwa, imene inakhala National Park m'caka ca 1972 ndipo imalembetsa nchito ana athu ambiri. Lamulo la Zambia losunga cilengedwe la caka ca 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limaletsa kutaya zinthu zoopsa zotere mwacisawawa. Mthireni m'cigubu cimene mwakhuthula, citsekeni, ndipo mupite naco ku garaja yolandira oilo wakale. Musamuike m'botolo la zakumwa pofikira ana, ndipo musampake pa zironda za anthu kapena za ziweto. Sambani m'manja ndi sopo, pakuti opanga magalimoto amacenjeza kuti oilo wakale wokhalitsa pa khungu kawiri kawiri angathe kuyambitsa khansa ya pa khungu.

Potsiriza, gulani kabuku kakang'ono kokhala m'galimoto momwemo. Lembanimo tsiku, nambala ya makilomita, mtundu wa oilo ndi nambala ya fyuluta. Ndipo inu amene mudzasiya galimoto ku mudzi pobwerera ku mgodi, musangosiya makiyi okha. Gwirani nchitoyi kamodzi pamodzi ndi mphwanu kapena mwana wa mlongo wanu, iye agwire sipanala inu mukupenya. Msiyireni cigubu ca oilo ndi fyuluta ya mtsogolo, ndipo polankhula naye pa foni mufunseni nambala ya m'kabuku. Nchito yonseyi siitha ora limodzi, koma pa usiku wa wodwala mudzi wonse udzayang'ana kwa galimoto yanu.