Kucheza ndi Mlendo Wophunzira Chingerezi

Omvera a m'maboma akumtunda mwina sadziŵa kuti munthu woima pa boma la Nsanje akaponya maso kutsidya kwa Shire amaona dziko la Mozambique, ndipo akayenda kuloza kumwera mpaka pa Marka wafika pa chipata cha dziko lomwelo. Mbali zonse ziŵiri anthu amalankhula Chisena, amakwatirana ndi kuikirana maliro. Chowasiyanitsa chachikulu ndi chilankhulo cha kusukulu: wakuno anaphunzira Chingerezi, wakutsidya Chipwitikizi.

Kusiyana kumeneku kunaonekera kwambiri kuyambira m'chaka cha 1986, pamene nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inakula ndipo anthu anayamba kuwolokera kuno mwaunyinji. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inadzaza, kufikira othaŵa nkhondo anachuluka kuposa eni boma la Nsanje. M'Malaŵi monse chiŵerengero chawo chinafika pa miliyoni imodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ambiri anabwerera kwawo, koma njira sinamere udzu. Odwala, amalonda ndi ana a sukulu akhala akuwoloka chiwolokere, ndipo kumapeto kwa 2024 ena zikwizikwi anathaŵiranso ku Nsanje ndi ku Chikwawa kaamba ka zipoloŵe za pambuyo pa chisankho.

Kwa mlendo wotere Chingerezi si chodzionetsera. Maiko onse 6 ochita malire ndi Mozambique amachigwiritsa ntchito m'boma, ndipo mu 1995 dzikolo linaloŵa m'bungwe la Commonwealth ngakhale silinalamulidwepo ndi Britain. Mwana wake akaloŵa sukulu ya kuno, satifiketi ya MSCE sangaione ngati walakwa Chingerezi, chingakhale masamu awakhoze bwanji.

Tsono mphunzitsi m'kalasi ya ana ochuluka alibe mpata womva aliyense akulankhula. Apa mpamene pamafunika munthu wina, amene si mphunzitsi, wongolola kukhala pansi pa mtengo ndi mlendoyo kaŵiri kapena katatu pa sabata ndi kucheza naye m'Chingerezi. Angakhale mnyamata wa Fomu 3, kalaliki wopuma pa ntchito kapena mayi wa kwaya. Safunika choko kapena bolodi. Chofunika ndi khutu ndi kuleza mtima.

Msampha woyamba ku Chigwa cha Shire ndi Chisena chomwe. Mlendo akangokakamira pa liwu limodzi, aŵiriwo amathaŵira ku chilankhulo cha makolo, nkhani nkukoma, ola nkutha, Chingerezi osalankhulidwa. Nkwanzeru kupangana poyamba pomwe kuti moni ndi za kunyumba zikhala m'Chisena, monga mwambo ufunira, koma theka la ola lotsatira ndi la Chingerezi chokhachokha, ngakhale chikhale chothyokathyoka.

Wachiŵiri ndi pakamwa pa mwini mudzi. Munthu wodziŵako Chingerezi amakonda kudzimva yekha, ndipo mlendo amangotsala ndi "yes" ndi kugwedeza mutu. Wocheza wabwino amafunsa funso limene silingayankhidwe ndi liwu limodzi: mapira amabzalidwa liti kwawoko, bwato limasemedwa motani, madzi osefukira a Cyclone Freddy mu 2023 anampeza ali kuti. Akafunsa amadikira. Chete wa mlendo si umbuli. Ndiye kuti mawu akusanjidwa m'mutu, ndipo womumalizira chiganizo wamulanda chimene anadzera.

Kukonza zolakwa nkumene kumafuna nzeru zenizeni, makamaka wophunzirayo akakhala wamkulu. Mnyamata sangauze munthu wa msinkhu wa atate ake kuti "mwalakwa". Njira yaulemu ndi kubwereza chiganizocho molondola monga ngati akungovomereza, nkupitiriza nkhani. Bamboyo akati "I have forty years", mnyamata angoti, "Oh, you are forty years old, bambo?" Ndipo asaseke, pakuti cholakwa chimenechi nchapachibale: Mpwitikizi amati "tenho quarenta anos", Mcheŵa amati ali ndi zaka 40, onse aŵiri zaka amakhala nazo ngati mbuzi. Mngerezi ndiye amaziŵerenga mwa njira yake.

Pali mawu ena onyenga, ofanana nkhope koma osiyana mtima. "Puxar" m'Chipwitikizi ndi kukoka, pamene "push" ndi kukankha, kotero kuti mlendo angalimbane ndi chitseko cha ofesi mpaka thukuta. "Parentes" ndi abale onse, pamene "parents" ndi bambo ndi mayi okha. Wolemba fomu akasokoneza apa adzadabwitsa kalaliki. "Livraria" ndi sitolo ya mabuku, osati "library" yobwereka ulere.

Komabe akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mmalaŵi amasokoneza "he" ndi "she" chifukwa Chicheŵa chimangoti iye, pamene wophunzira Chipwitikizi anazoloŵera kale "ele" ndi "ela". Chimodzimodzinso l ndi r: m'Chicheŵa kusinthanitsa zilembozi sikusintha tanthauzo, koma m'Chipwitikizi "caro" ndi chokwera mtengo pamene "calo" ndi chikanga cha m'manja mwa wolima. Motero mlendo wopita patali ndi sukulu angathe kumva msanga kuti "pray" ndi "play" ndi zinthu ziŵiri, nawongola amene amayesa kuti akumuwongola. Nanga si nsapato, mbatata ndi kalata zomwe zinaloŵa m'Chicheŵa kuchokera ku Chipwitikizi?

Chotsala ndi tsiku lokumana, ndipo napo pali dzenje. Apwitikizi amaŵerenga masiku kuyambira Lamulungu, kotero "segunda-feira", tsiku lachiŵiri, ndi Lolemba, ndipo "terça-feira", lachitatu, ndilo Lachiŵiri la kuno. Aŵiri opangana mwa nambala adzasemphana ndi tsiku lathunthu, wina nkumadikira pansi pa mtengo mnzake ali kudimba. Phunziro loyamba likhale la maina 7 a masiku m'Chingerezi, ndipo mlendo atchule yekha ndi pakamwa pake tsiku limene adzabwerenso.