Mabuku a Tsiku ndi Tsiku: Mboni za Nthaŵi ya Nkhondo

Nyanja ino yaona nkhondo zoŵaŵa, koma madzi sasunga mapazi a munthu. Chimene chimasunga ndi cholembedwa, makamaka kabuku kamene munthu amalembamo madzulo zimene maso ake aona usana.

Pa 25 Novembala 1917 asilikali a Germany, motsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano naloŵa m'dziko lino. Pakati pao panali sing'anga, Ludwig Deppe, amene ankalemba za ulendowo tsiku ndi tsiku, ndipo zolemba zake zinasindikizidwa mu 1919. Malipoti a akuluakulu a nkhondo amaŵerenga mfuti ndi zipolopolo. Deppe anaulula za minda yoonongeka, nkhokwe zofunkhidwa ndi njala yotsalira anthu a m'midzi. Umboni wotere ndi wolemera, pakuti wolembayo sanali kudziŵa za maŵa, choncho analibe mpata wokometsera nkhani kuti igwirizane ndi mathero ake.

Komabe mboni imodzi simaliza mlandu. Deppe anaona njira yokhayo imene gulu lake linadzera, ndipo amtengatenga amene anasenza katundu nafera m'tchire sanasiye tsamba ngakhale limodzi.

Pa nkhondo ya ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974, Metangula inali doko la mabwato a nkhondo a Apwitikizi. Wansembe wa Anglikani wa ku Messumba, John Paul, anasimba za mazunzo a masiku amenewo m'buku lake la 1975. Limeneli ndi buku la zokumbukira, lolembedwa zinthu zitachitika kale. Motero wofufuza wanzeru amaliika pambali pa makalata, mabuku a ubatizo ndi a maliro, ndi mawu a okalamba amene anathaŵira ku Likoma ndi kwina m'Malaŵi. Pamene zonsezi zivomerezana, pamenepo pali choonadi cholimba. Pamene zitsutsana, pafunika kufunsabe.

Nchifukwa chake banja lililonse limene likusunga kabuku ka mphunzitsi kapena ka katekisiti lisakanyoze chifukwa cha kuthimbirira kwake. Mzere umodzi wotchula tsiku limene mudzi unatenthedwa ungabwezere dzina kwa wakufa amene mbiri inamuiŵala. Chiswe sichidikira, ndipo okalamba akutha. Mabuku otere aperekedwe ku parishi kuti akopedwe, eni ake akadali moyo.